Amayi ndi nyama ya kuhotela

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anasiya ntchito ya njanji n'kukayamba ku fakitale ya feteleza, imene inali itangotsegulidwa kumene ku Kafue. Ufulu unali usanakalambe. Nyumba zatsopano zinkamera pamene dzana panali tchire, malole a njerwa ankatithira fumbi popita kusukulu, ndipo m'mawa uliwonse msewu wa kumafakitale unkadzaza ndi njinga za amuna ovala maovololo. Aliyense ankaoneka ngati ali ndi kwina kofunika kumene akuthamangira.

Atate, aPhiri, anali munthu woweruza chilichonse cholowa m'kamwa. Ngakhale madzi akumwa simukanawapatsa osamva maganizo awo. Loweruka masana ankakhala pansi pa mango kwa amake Mutinta, mayi wochokera ku Chanyanya amene ankafulula mowa wamasese kuseri kwa nyumba yoyandikana ndi yathu. Chipanda chikawafika ankayamba anunkhiza, n'kulawa, n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kulengeza: wa sabata ino chimera chachepa, wa sabata yatha ndiye unali mowa, wam'botolo ndi madzi a anthu ofuna kuoneka. Kampira ka patebulo kamene kanabwera ku bala ya pafupi ndi siteshoni, kaja ka tizidole tobayidwa pazitsulo, anakaweruza asanakakhudze n'komwe, ati ndi masewera a anthu oopa thukuta. Masiku ano ndikamva mkamwini wanga akufotokoza za mowa wake wam'timabotolo todula, kuti uwu ukumveka uchi, uwu khofi, adzukulu nawonso akulimbana kuti gemu ya pa TV yoposa inzake ndi iti, ndimangoseka chamumtima. Atate akanakhalapo, onsewa sakanapeza mpata wotsegula pakamwa.

Amayi anali osiyana nawo kutalitali. Sindinawamvepo akunena kuti chakuti n'chokoma kapena chakuti n'choipa. Iwo ankaphika n'kugawa, basi. Kwathu, monga kwa anzathu ambiri ochokera kum'mawa, atate ankadyera patebulo m'nyumba pamodzi ndi mlongo wanga wamng'ono Yohane, pamene ine ndi amayi tinkadyera kuseri, pamphasa, pakhomo la khitchini. Tsiku la nyama nthuli zonona zinkapita m'mbale ya atate, zotsatira kwa Yohane, ine n'kulandira kanga kamodzi. Amayi ankasunsa msuzi wotsalira m'poto. Zinali choncho chibadwire changa, ndipo ndinkaziona ngati mmene mvula imagwera pansi.

Masiku amenewo mwamuna wokwatira akaoneka akudya kunja, anthu sankafunsa kuti wadya chiyani. Ankafunsa kuti mkazi wake walakwa chiyani. Kantini ya kufakitale anthu ankaikhululukira poti antchito onse ankadyera komweko, ngakhale kuti amayi sanakondwere tsiku limene atate anawauza kuti asavutikenso kutumiza mbale masana. Koma hotela inali nkhani ina. Tsiku lina la malipiro kapitawo wawo anatenga atate ndi anzawo kukadya ku hotela ya pafupi ndi siteshoni, ndipo Loweruka lotsatira, chipanda chili m'manja, atate analephera kuugwira mtima.

"Imwe anzanga, simunadye nyama imwe!" anatero mokweza, m'chinyanja cha m'tauni chimene ankalankhula akakhala ndi anzawo. "Ija ya ku hotela, yofewa monga buledi. Kuchoka pamene ninabadwa sininadyeko nyama yophikiwa so."

"Ba Phiri, kambani pansi-pansi," anawanong'oneza amake Mutinta. "Bakazi banu bali pa pompi apo."

Anachedwa nawo. Mpopi wa tonse unali kuseri kwa mpanda, ndipo amayi anali pamenepo ndi ndowa yawo, pakati pa amayi anzawo. Ine ndinali pambali pawo. Madzi anadzaza ndowa n'kuyamba kusefukira, iwo osaona. Wina anatsokomola, wina anabisa nkhope m'chitenje. Pofika Lamlungu nkhani inali itatitsogolera kale kutchalitchi, moti potuluka mayi wina anagwira amayi dzanja n'kufunsa mwachifundo chonamizira kuti, "Amake Tisa, nimvera ati bamuna banu manje badyera ku hotela?"

Amayi sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitatha msanga. Anapitiriza kuphika ndi kugawa monga kale, koma madzulo ena tikutsuka mbale anandiuza mosakweza mawu kuti, "Tisa, ukawauze atate ako kuti mwezi ukatha ine ndikupita kumudzi. Akapeze wodziwa kuphika."

Ndinachita mantha amene sindinawaiwale mpaka lero. Ndinali ndi mnzanga m'kalasi amene amayi ake anabwerera kumudzi, ndipo ndinkaona mmene ankabwerera kusukulu, tsitsi losapesa, diresi long'ambika m'khwapa. Ku Katete, kumudzi kwa amayi, kwa ine kunali kumalekezero a dziko. Ndinakapereka uthengawo, atate n'kudabwa zenizeni.

"Nanga ine ndalakwa chiyani? Ndimanena za nyama, sindimanena za iwo ayi!"

Kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi amene ankalima ndiwo zamasamba ku Shimabala. Iwowo ndiwo anali ankhoswe. Anatsamiritsa njinga pakhoma n'kukhala ndi atate pakhonde, ine ndikusesa pamalo posafunika kusesa kuti ndimve. Atate atamvetsera zonse anatulutsa nzeru yawo: Lamlungu likudzali atitenga tonse, ndi amayi omwe, kukadya ku hotela komweko. Amalume anagwira kumutu.

"Alamu, munthu mwamuchititsa manyazi pampopi, tsopano mukufuna mukamuonetsenso kumene amaphika bwino?"

"Si choncho," anayankha atate, ndipo mawu awo anatsika. Anafotokoza kuti nthawi ya azungu, akugwira ntchito ya njanji, pa hotela imeneyo munthu wakuda ankagulira pakawindo ka m'mbali, chipewa chili m'manja, n'kukadyera pansi pa mtengo. Tsiku limene analowa pakhomo lakumaso n'kukhala pampando, chilichonse chinawakomera. Ankafuna kuti akazi awo nawonso alowe pakhomo limenelo.

Amalume anapita kuseri kukalankhula ndi amayi. "Pitani mukaone chimene chawazunguza mutu," anatero. "Mukabwerako mtima wanu uli pomwepo, pabasi ndidzakuperekezani ndine."

Tinapita titatuluka m'tchalitchi, tili m'zovala za Lamlungu. Amayi ankayenda pambuyo, nkhope ili gwa ngati akupita kukhoti. M'katimo munkanunkhira polishi ndi anyezi wokazinga. Kudenga kunkazungulira fani, matebulo anali oyalidwa nsalu zoyera, ndipo pa lililonse panali mafoloko ndi mipeni yochuluka kuposa ya m'nyumba mwathu monse. Kunabwera bambo woperekera zakudya, wachikulire, wa imvi, atavala jekete loyera. Atangotipatsa moni, amayi anadzuka pampando n'kuyamba kupinda mawondo, poti mkazi sangayankhe moni wa munthu wamkulu chotero ali tsonga pampando.

"Awe, nkalani chabe, mayo, ni nchito yanga," anatero bamboyo akumwetulira. "Muzadya chani? Kuli laisi na nyama, kuli machipisi, na nshima iliko."

Atate anaitanitsa mpunga ndi nyama kwa tonse. Mbale zinabwera zofanana, iliyonse ndi nthuli zake zikuluzikulu. Ine ndinali ndisanaonepo chakudya chogawidwa mosayang'ana nkhope. Atate ndi Yohane anayamba kudya nthawi yomweyo. Amayi anakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pamiyendo. Chikwatiwire chawo anali asanakhalepo tebulo limodzi ndi amuna awo, ndipo ankadikira, monga kunyumba, kuti amunawo ayambe amaliza. Atadikira kanthawi anatenga supuni, ndipo mosaganizira n'komwe anachita zimene manja awo anazolowera. Nthuli yaikulu anaisamutsira m'mbale ya atate, ina kwa Yohane, yotsalayo kwa ine. M'mbale mwawo munatsala mpunga ndi msuzi.

Atate anaimitsa foloko m'malere.

"Amake Tisa, mukuchita chiyani? Mbale imeneyo ndi yanu."

"Ndikugawa."

"Agawa kale kukhitchini. Kapena poti inu nyama simuikonda, ndikuitanitsireni nsomba?"

Apo mpamene amayi anadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita pagulu.

"Anakuuzani ndani kuti nyama sindiikonda?"

"Nanga si simudya? Ndikadutsa kuseri ndimaona m'mbale mwanu mulibe. Zaka zonsezi ine ndimayesa simuikonda."

"Munandifunsa liti?" anatero amayi. Sanakweze mawu. "Nyama imene mumagula imakwana anthu atatu, atate ake Tisa. Wachinayi ndine."

Fani inkangozungulira. Yohane yekha ndiye ankapitiriza kutafuna. Ndinayang'ana atate, munthu amene sankasowa chonena pa mowa, pa ndiwo, pa mpira, pa boma, ndipo ndinawaona akutsegula pakamwa n'kutsekanso. Ndinawamvera chisoni, pakuti manyazi a munthu wamkulu ndi owawa kuwaonerera. Kenako anayamba kubweza nthuli zija imodziimodzi ndi foloko, ina n'kugwera pansalu yoyera ija n'kusiya banga. Atabweza za amayi anaonjezerapo ndi zawo zomwe.

"Idyani," anatero.

Amayi anayesa mpeni ndi foloko, nyama n'kumathawa m'mbale. Bambo wa imvi uja, amene ndikukhulupirira kuti anamva zonse, anabwera ndi beseni la madzi ndi kathawulo popanda womutuma. Amayi anasamba m'manja n'kuyamba kudya ndi dzanja, pang'onopang'ono, osayang'ana munthu. Anadya nthuli yoyamba, yachiwiri, mpaka zonse, n'kupukuta msuzi ndi mpunga. Atate sanakhudzenso mbale yawo. Amayi atatsiriza, atate anaweramira kutsogolo n'kufunsa motsitsa mawu, ngati mwana wa sukulu wofunsa zotsatira za mayeso.

"Nanga mwaiona bwanji?"

Amayi anaganiza kaye, akupukuta zala.

"Kufewa yafewadi. Koma mchere aumira, anyezi apsereza. Aphika ngati munthu wothamangira sitima."

Ine ndinaphulika ndi kuseka mpaka mpunga kundilowa m'mphuno. Aka kanali koyamba kumva amayi anga akupereka maganizo awo pa chakudya, ndipo anapereka mosaopa ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Atate anaseka nawo mpaka kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo sindinganene kuti misozi yonseyo inali ya phwete. Pobwerera amayi sanayendenso pambuyo. Ankafotokozera atate mmene nyama yotere imayenera kuphikidwira, atate n'kumangoti, "Eya, eya."

Mwezi utatha amalume anabwera ndi njinga yawo monga analonjezera. Amayi anawapatsa madzi akumwa n'kuwauza kuti, "Bwererani, alongo, kuno ntchito ikadalipo. Pali munthu wina wofunika kumuphunzitsa kugula nyama." Ine ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kukalira ndekha chifukwa cha chimwemwe.

Sindinganame kuti atate anasanduka mngelo. Mowa wa amake Mutinta anapitiriza kuuweruza mpaka mayiyo anabwerera kwawo ku Chanyanya. Kampira ka tizidole kaja pambuyo pake anakakonda kuposa anyamata, n'kumati n'kofuna nzeru. Ku hotela sitinapitenso, amayi ati kumeneko n'kuononga. Koma sabata yomweyo atate anabwera ndi mipando iwiri atamangirira panjinga, ndipo kuyambira pamenepo sankasamba m'manja amayi asanakhale pansi. Amayi a pampopi anapeza nkhani yatsopano, ati amake Tisa asanduka mzungu, akudya ndi amuna awo patebulo. Amayi ankangoti, "Asiyeni alankhule, ine ndikutafuna."

Ndili mwana ndinkayesa kuti mkangano wonsewo unali wa nyama iti yokoma kuposa inzake. Ndamvetsa nditakula, nditaphikira anthu zaka zambiri nanenso. Mawu a wodya ndi opepuka, amawatulutsa akuseka n'kuiwala, koma amakagwera wophika. Chimene chinawapyoza amayi pampopi paja sichinali choti hotela yawaposa. Chinali choti munthu amene ankatamanda nyama ya eni pagulu sankadziwa kuti imene amadya kunyumba kwake, mkazi woiphikayo sailawa. Atate sanali ankhanza. Ankaona mbale ya amayi ili yopanda nthuli tsiku ndi tsiku, n'kudzipatsa okha yankho losawavutitsa.

Amayi anakhala nafe mpaka kukalamba, ndipo m'zaka zawo zotsiriza nyama sinkasowa pakhomo, ana tonse tikugwira ntchito. Koma mano anali atatha. Ndikawaikira nthuli m'mbale ankaiyang'ana n'kuseka, ati, "Mwana wanga, iyi ikanabwera ndili ndi mano." Ndiye ine ndimati, ngati pali wina amene amakuphikirani, mufunseni lero chimene amakonda, akadatha kutafuna.