Shefu Analonjeza Kugona

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi pakamwa. Ufulu usanakhalitse, ndinkagulitsa malamba mu Mutare, ndipo tsiku lina ndinagulitsa wa pulasitiki kwa a Moyo, wojambula za pa TV wa ku Harare, ndikulumbira kuti ndi chikopa cha ng'ona.

"Iwe ungagulitse ndi munthu yemwe," anatero. "Chinyanja umachidziwa?"

Mwana wa Mmalawi wa ku njanji, ndichisowe bwanji?

Munthu wogulitsidwayo anali shefu wina (ndi mmene ankatchulira mabwana a chipani kumeneko) wofuna uphungu, amene ankakopanso mavoti a pulezidenti. Ine ndinkanyamula jenereta, kutambasula chingwe cha maikolofoni, ndi kusanja anthu: amayi ovala malaya achipani kutsogolo, ataliatali kumbuyo, onse kuwapanikiza pakona kuti kamera ione chikhamu. Dzuwa likhale kumsana kwa wojambula. Zonena za shefu zinkabwera pamapeto, ngati mchere woiwalika.

Tsiku lovuta linali ku Odzi, pakomboni ya achimwene athu, Amalawi a m'mafamu. Shefu anafuna kuwalankhula m'Chinyanja, ndipo a Moyo anandichenjeza: "Akalakwitsa liwu limodzi, wabwerera ku malamba ako."

Ndinamulowezetsa shefu ziganizo zitatu. Koma ataona kamera, shefu anafufuma n'kuwonjezera zake. M'Chishona kugona ndi kutha kuchita chinthu. Iye anaganiza kuti ndi chimodzimodzi kwathu.

"Abale anga! Mukandisankha, ine ndigona! Zaka zisanu, ndigona!"

Komboni yonse inaphulika ndi kuseka. Mayi wina anakuwa, "Gonani bambo, tikufunditsani!" Nthungululu, m'manja, ena misozi mbwembwembwe. Ine ndinagwira chingwe ndikuganiza kuti malamba aja ndinawasiyira ndani.

M'galimoto ndinaulula zonse. A Moyo sanaphethire n'komwe.

"Mawu tifufuta, tiikapo nyimbo. Taona mano awo!"

Ndinati ambiri mwa iwo alibe ndi chitupa chovotera chomwe.

"Kamera imafunsa chitupa?"

Sabata yotsatira ndinaima pawindo la sitolo ya ma TV, ndikuonera anthu anga akuseka munthu, dziko likuuzidwa kuti akumukonda. Ntchito sinandithere. Anandipatsanso chipewa.

Chiyambire pomwepo, ndikaona khamu likusekerera pa TV, ndimayamba ndafunsa chimene lamva. Lamba wanga, ngakhale wa pulasitiki, ankagwirako thalauza. Koma tisamunamizire shefu: anapambana, ndipo lonjezo la ku Odzi analisunga zaka zisanu zathunthu.