Moni wa Amuna Anga Unatha Nthawi Yonse

Chaka chimene njovu inapha mlamu wanga m'munda mwake ku Chikwa, tinamva pa wailesi kuti akuluakulu ochokera ku Lusaka afika pa boma la Chama kudzamva zimene anthu akufuna kuti zilowe m'malamulo aakulu a dziko. Amuna anga, amene anali mkulu wa mpingo, anazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Amake ana, tipita."

Nkhani yawo inali imodzi. Munthu akapha njovu, boma limafika dzuwa lisanalowe. Njovu ikapha munthu, timakumba manda tokha. Iwo sankadana ndi boma. Ankalipempherera Sabata iliyonse. Ankangofuna kuti zilembedwe kuti mphamvu ya boma pa nyama ithere pamene payambira moyo wa munthu. Ankati ngakhale m'Malemba mfumu inalamulidwa kukhala ndi buku la chilamulo pambali pake, kuti mtima wake usadzikweze pa abale ake.

Anakonzekera sabata yathunthu monga ankakonzera ulaliki: mawu m'mutu, pakapepala manambala a mavesi asanu okha.

Tinakwera lole ya thonje. Titafika ku Chama, holo ya msonkhano inali yodzaza aphunzitsi ndi anamwino, ndipo mtsikana wina pagome anali ndi kabelu. Aliyense anapatsidwa mphindi zitatu.

Amuna anga ataimirira anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita. Anayamika Mulungu poyendetsa alendo pa msewu wathu woipawo. Anapereka moni kwa wapampando, kwa mayi amene anakhala kumanja kwake, kwa ena onse mmodzimmodzi, n'kufunsa mmene anasiyira ana kunyumba. Ine ndinkakoka jekete lawo. Atangoti, "Manje ndifike pa chimene ndadzera," belu linalira.

"Atate, nthawi yatha," anatero wapampando, mwaulemu ndithu. "Siyani pepala lanu m'bokosi, tikaliwerenga."

Amuna anga anayang'ana kapepala kawo. Ndani ku Lusaka akanamva za mlamu wanga m'manambala asanu aja? Anakapinda, nagwadira pang'ono, nakhala pansi.

Podikira lole yobwerera pansi pa mtengo wa mango, ine ndinawafunsa mokwiya.

"Inu, mpaka kufunsa za ana awo? Mukuwadziwa?"

"Nanga ndikanayamba ndi njovu ngati ndikuitana agalu?"

"Mukanayamba ndi njovu! Ija siinapereke moni kwa mng'ono wanu."

Anaseka mpaka misozi, ndipo kenaka misoziyo sinalinso ya kuseka. Atapukuta nkhope anati, "Khalani apo, amake ana. Inu ndinu wapampando."

Anaimirira, namanga mabatani a jekete, nalankhula zonse. Za munthu amene anaikidwa kuyang'anira zamoyo zonse, osati kupondedwa nazo. Za mfumu ya m'Malemba imene inalanda munda wamphesa wa mnansi wake poyesa kuti palibe woifunsa. Za mlamu wanga, amene tinamupeza khasu lili m'manja. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anasiya kukazinga. Sindinamvepo amuna anga akulankhula chotero, ngakhale pa guwa. Panalibe belu.

Malamulo aja anatuluka patapita zaka. Mphunzitsi wina anatiwerengerako zigawo zina, ndipo amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Mawu awo munalibe. Akanalowamo bwanji?

Manje iwo anagona, akudikira lipenga. Kapepala kaja kali m'Baibulo lawo, manambala akufufutika. Njovu zimabwerabe chimanga chikakhwima, ndipo ndikamaomba chitini kumunda ndimalakalaka nditamvanso moni wautali uja, wonse, osakoka jekete.

Ine ndekha ndiye bungwe limene linamva pempho lawo, ndipo ndalisunga nthawi yaitali. Ndalilemba pano kuti lifike kumene iwo sanalifikitse: moyo wa munthu ukhale malire a mphamvu ya boma.