Mizere Itatu ya Kumapeto

Ndinafika pa famu ina ya mbatatesi m'dziko la eni, kunja kwa tauni ya Nigel, m'zaka za m'ma 1990 ndikudziyesa katswiri. Kwathu ndinkalima chimanga, ndipo nzeru yanga inali imodzi: mbewu ikachita chikasu, ipatse yureya.

Kapitawo wathu anali bambo achikulire a ku Mangochi, amene kale ankagwira ntchito m'migodi. M'mawa uliwonse ankakumba pambali pa mzere n'kufumbata dothi. Likagwirana, mapaipi sankatsegula. Likayoyoka ankathirira, koma mosapyola muyeso. Mbatatesi zitangochita maluwa, anatsekera matumba a yureya m'shedi.

Ine zinandinyansa. Munda woyandikana nafe unali biriwiri, wathu ukuoneka ngati wodwala. Ndinapita kwa mzungu mwini famu kukanena kuti mkuluyo akupha mbewu ndi njala. Sindibisa, ukapitawowo ndinkaufunanso. Mzunguyo anatiitana tonse awiri n'kunena kuti tikakumba, wolakwa anyamule zake.

Mkuluyo sanakwiye. "Achimwene, tengani mizere itatu ya kumapetoyo, muidyetse mmene mukufunira," anatero. "Koma mbatatesi si chimanga. Feteleza akachuluka, mphamvu imathera m'masamba, ndipo masamba sitigulitsa ku maketi."

Ndinathira yureya osaumira, madzi tsiku ndi tsiku, ngakhale pamene iwo anatseka mapaipi awo milungu iwiri tisanakumbe kuti khungu likhwime. Masamba anga anafika m'chiuno. Ndinkayenda monyang'wa, anzanga akundipatsa ulemu wachipongwe.

Tsiku lokumba, zawo zinatuluka zolimba, zofanana kukula, khungu losasupuka ngakhale ulitikite ndi chala. Ndinazisirira ndithu. Zanga zinali zochepa, zina zong'aluka, ndipo zikuluzikuluzo tikadula tinkapeza mphako yakuda pakati. Manyazi anandigwira, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinadziwa kuti ntchito yandithera, ndipo dzenjelo ndinakumba ndekha.

Mzunguyo anatola imodzi yamphakoyo n'kundiyang'ana. Asanatsegule pakamwa, mkuluyo anamuuza m'Chifanakalo, chinenero cha ku migodi, kuti mizereyo anandipatsa ndi iwo, kuti tonse tione ndi maso, ndipo munthu amene wadziotcha chonchi sadzawononganso munda. Mzunguyo anaponya mbatatesi ija pansi n'kukakwera galimoto yake.

Ndinayandikira kuti ndipepese. Mkuluyo anawerama n'kuyamba kutola.

"Kumudzi muli ndi ana angati?" anandifunsa osandiyang'ana.

"Anayi, bambo."

"Ndiye mwaimiranji? Gwirani thumba."