Mwana amene anawerengedwa kamodzi

Mwana wanga woyamba anabadwira m'nyumba, nyengo yokumba mbatatesi, pamene chisanu cha ku Domwe chimang'amba zidendene. Anali wamwamuna. Poyamba ankayamwa bwino, ndipo ankalira mokweza moti mwamuna wanga, amene mwambo sunamulole kulowa m'chikuta, ankaseka ali panja kuti tabereka mkatekisi. Kenako mchombo unafiira ndi kuyamba kununkha. Anasiya bere, thupi linatentha, ndipo anatisiya mchombowo usanagwe.

Kwathu mwana wofera m'chikuta sakhala maliro. Amamuyesa mtayo, ngati amene wabadwa wakufa kale. Belu silinalire, anthu sanasonkhane, adzukulu sanagwire khasu. Amayi aakulu, achemwali awo a malemu mayi anga, amene ankayang'anira banja lathu lonse, anamukulunga m'chitenje changa chakale napita naye ndi amayi ena m'mphepete mwa manda, kumene amakumba kadzenje kosaya. Pobwera anandikhalira pamphasa nandiuza kuti ndisalire, ndisamutchule, chifukwa wolira mtayo amadzitseka mimba. Anati anali madzi chabe, ndipo madzi akatayika umatunga ena. Mawa lake mwamuna wanga anakweza thumba la mbatatesi panjinga kupita kumsika wa ku Kalomwe, poti naye analibe chololedwa kuchita.

Ndinamvera. Ndinaphunzira kusukulu ya mishoni ku Fonte Boa, ndinkadziwa kuwerenga ndi kufunsa mafunso, koma pamenepo ndinatseka pakamwa. Mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa malaya, ine n'kumaseka ndi anthu pachitsime. Chimene chinkandidya si kuletsedwa kulira kokha ayi. Ndinkafuna munthu mmodzi woti andiuze chimene chinapha mwana wanga, ndipo panalibe woti ndimufunse, chifukwa pamudzi ponse panalibe amene ankavomera kuti wina wafa.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, asekeretari a mudzi wathu anazungulira kulengeza kuti kubwera anthu a zaumoyo owerenga obadwa ndi omwalira, ndipo tisawabisire kanthu. Pakhomo pathu panafika mayi wamng'ono thupi, wovala chipewa ndi kajekete, atanyamula foni yaikulu ngati mbale. Malankhulidwe ake anali akonkuno. Tinamuyalira mphasa, ine ndinali pambali kusankha nyemba m'lichero. Mafunso ankayankha ndi amayi aakulu. Anatchula tonse mmodzimmodzi, osaiwala ngakhale mdzukulu amene anathawira ku Tete. Kenako mayiyo anafunsa ngati pakhomopo pamwalira munthu, wamkulu kapena wamng'ono, chiyambire dzinja lapitali. Amayi aakulu anayankha kuti Mulungu watisunga, palibe.

Sankanama. Ndimawakwiyira mpaka lero, koma bodza sindiwanamizira. Kwa iwo panalibedi amene anamwalira.

Chala cha mayiyo chinali chitapita kale pagalasi la foniyo pamene ndinamva mawu anga akutuluka.

"Alipo. Wanga."

Amayi aakulu anandiponyera diso loti likadakhala mwala ndikadagwa. Anauza mlendoyo kuti asandimvere, imeneyo si nkhani yokamba pabwalo. Ndinaona pankhope pa mayiyo kuti mwambowo akuudziwa bwino, mwina kwawo anauonanso. Anandifunsa chinthu chimodzi, ngati mwanayo analira atabadwa. Nditati analira, anati basi, ameneyo ndi munthu, ndipo alembedwa. Amayi aakulu ananyamuka, nakutumula chitenje, nalowa m'nyumba osatsazika.

Patapita masabata mayi uja anabweranso, ulendo uno kudzafuna ine ndekha. Tinakhala kuseri kwa nkhokwe. Anandifotokozera kuti munthu akafera kumudzi, osaonedwa ndi dokotala, iwo amafunsa amene anamudwazika zonse zimene anaona, mayankhowo amatumizidwa kwa akatswiri, ndipo akatswiriwo ndi makina awo amapeza nthenda imene yamupha. Ndinamufunsa kawiri ngati amapezadi, iye anati amapeza.

Ndiye ndinamupatsa zonse. Anafunsa za mchombo, mtundu wake, fungo lake, chimene anadulira, chimene anapakapo. Anafunsa ngati ankakomoka, ngati nsagwada zinauma, ngati nthiti zinkalowa mkati popuma, ngati maso anasanduka achikasu. Mafunso ena anali oti munthu sungafunse mayi, koma ndinayankha onse, ndipo ndinadabwa kuti ndinkakumbukira chilichonse, mpaka kachiphuphu ka kuseri kwa khutu. Anafunsa dzina. Mwana wa m'chikuta sakhala ndi dzina, koma ine ndinali nalo langa lomwe ndinkamuitana chamumtima, ndipo tsiku limenelo ndinalitchula mokweza koyamba. Ndinalira mpaka mamina, mayiyo n'kungondigwira bondo kudikira kuti ndimalize. Ana a pakhomo anandimva, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti ndalira mtayo pamaso pa mlendo.

Mayiyo akunyamuka ndinamufunsa kuti yankho lidzabwera liti. Anakonza chipewa chake, nati zimenezi zimayamba zafika ku Tete, kenako ku Maputo, ndipo zimathandiza boma kudziwa matenda amene akupha ana. Ndinamva mmene ndinkafunira kumva. Ndinaganiza kuti akutanthauza kuti yankho lichedwa.

Mlendo ndi mame. Iye anapita, ine ndinatsala ndi anthu anga. Chaka chinatha ndisanaime, chinanso chinatha. Mimba imene inabwera pambuyo pake inapita padera. Pamenepo amayi aakulu sanafunenso kulankhula zambiri, ankangopukusa mutu ndikamadutsa, ndipo amayi ena ankagwiritsa ntchito dzina langa polangiza atsikana. Apongozi anga anayamba kuitana mwana wawo pafupipafupi kukadya kwawo. Mwamuna wanga sanandinenepo choipa, koma tsiku lina tikupalira anandifunsa, osandiyang'ana, kuti kodi ndikadangokhala chete chikadavuta n'chiyani. Funso limenelo linandipweteka kuposa miseche yonse ya pachitsime.

Sindikhulupirira kuti misozi imatseka mimba. Masana sindikhulupirira. Koma ndinalibe choti ndiwayankhe nacho, ndipo n'chifukwa chake ndinkadikira mayi uja ngati mvula. Ndinkafuna kudzaima pabwalo ndi dzina la nthenda m'kamwa, ndiwauze kuti mwana wanga anadwala chakuti, ngati munthu wina aliyense, ndipo chikadatha kupewedwa mwakuti. Ndinapita kuposito, kachipatala kathu kakang'ono, kukafunsa. Namwino anati zimenezo si za ofesi yawo, ndidikire eni ake.

Eni ake anabweradi, koma sanali mayi uja. Anali bambo wina wachinyamata, waulemu, wa foni yonga yomweyo. Anawerenga mayina athu, nafunsa ngati pamwalira munthu chichokere anzake. Amayi aakulu anati palibe, ndipo ulendo umenewu ndinagwirizana nawo. Atatsazika ndinamutsatira mpaka pamsewu, pomwe anaimika njinga yake yamoto, ndipo ndinamufotokozera zonse. Anasuntha chala pagalasi, napeza khomo lathu, nandionetsa mzere umene unali wa mwana wanga. Ndinamufunsa ngati akatswiri aja anapeza nthendayo.

"Ayenera kuti anapeza, mayi," anatero. "Koma sizibwerera kwa munthu mmodzimmodzi. Zimaphatikizidwa ndi za ana ena onse."

"Nanga ine andiuza ndani?"

Anakanda m'mutu, napepesa, nati iye ntchito yake ndi kufunsa. Sindinamukalipire. Ndikadamukalipira chiyani munthu wongotumidwa? Analiza njinga yake, ine ndinabwerera kukamaliza kuanika ufa.

Amabwerabe, ndipo timawayalirabe mphasa. Ndimamva kuti ntchito yawo ndi yabwino, imathandiza dziko, ndipo mwina ndi zoona. Ine ndinawapatsa fungo la mchombo, dzina lobisika, ndi mtendere wa banja langa. Kwinakwake ku Maputo, m'nyumba imene sindidzalowamo, alipo amene akudziwa chimene chinapha mwana wanga. Kuno kumudzi aliyense akudziwa chimene chinanditseka mimba. Amene sadziwa kanthu ndi ine, mayi wake.