Tsiku limene agogo anakwecha nyali ya mota

Ndikamva fungo la dongo lonyowa losakanikirana ndi utsi wa makungwa, maganizo anga amathamangira kwa agogo anga Anaphiri, kuseri kwa nyumba yathu kufupi ndi Mualadzi, kumene ankawotchera mbiya zawo utsi n'kumakakamira m'zovala zathu mpaka kutchalitchi. Anali woumba mbiya, wamfupi, wa zala zokhakhala ngati chitsononkho, ndipo m'mawa sitinkadzutsidwa ndi tambala koma ndi nkhulungo yawo, kamwala kosalala kaja, ikulira pamimba pa mtsuko. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'mudzi monse ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi: pakamwa panga sipankagona nkhani.

Mwana wawo womaliza, malume Zuze, anakhalitsa ku Moatize osabwera ngakhale pa Khirisimasi. Atabwerera anabwera ndi mota, njinga yamoto ya matayala atatu yokhala ndi ngolo kumbuyo, n'kumanyamula chimanga, mbuzi, odwala ndi mitsuko ya agogo kupita ku Cassacatiza. Agogo sananenepo kuti akondwa, koma anayamba kuimba akamaumba.

Vuto linali nyali yakutsogolo. Dzuwa ndi fumbi zinaidya mpaka galasi lake linachita chikasu ndi chifunga, moti babu silinkaoneka mkati, ndipo m'bandakucha wa mwezi wa Juni inkawala ngati kanyali ka parafini. Apolisi apamsewu anawaimika malume kawiri. Kachiwiriko anawauza kuti akadzadutsanso Loweruka nyali ili choncho, mota idzatsala kwa iwo. Malume anafunsa nyali yatsopano m'magolosale onse, anatuma munthu ku Tete, koma imene inabwera inali ya mota ina, yosalowa.

“Akandilanda mota ndikubwerera ku Moatize,” anatero malume tikudya Lachitatu. “Pano ndizichita chiyani, amayi?”

Agogo anatafuna kanthawi, kenako anafunsa chinthu chimene ine ndinaona ngati chopanda mutu: “Chimenecho n'chagalasi lenileni kapena pulasitiki?”

“Pulasitiki. Ndipo musachikhudze.”

Kutacha malume anapita kukathandiza kukhoma malata patchalitchi, mota n'kuisiya pansi pa mtengo wa mango. Agogo anadikira mpaka malumewo atakhota pa chulu. Anatenga mapale atatu, lina la mchenga wakudambo wosefa pansalu, lina la dongo lamadzimadzi lopanda kamwala ngakhale kamodzi, lina la phulusa la zitsononkho, n'kukhala pa kampando patsogolo pa mota ngati akukama ng'ombe. Anaviika kansanza mumchenga muja n'kuyamba kukwecha. Madzi achikasu anayamba kudontha. Posakhalitsa nyali ija, imene poyamba inkaonetsako kena kake, inayera mbee ngati mkaka.

Sindinafunse kanthu. Ndinathamanga opanda nsapato mpaka kutchalitchi, ndipo ndisanafike n'komwe ndinayamba kukuwa kuti agogo apha nyali. Malume anatsika pa denga mosaona makwerero, ndipo amuna anayi anawatsatira pamodzi ndi akatekisiti, amene sankaphonya mlandu uliwonse.

Malume ataona nyali ija anagwira kumutu. Ndinachita mantha chifukwa ndinali ndisanawamvepo akukweza mawu kwa mayi awo.

“Amayi, mwandipha! Faroli iyi ndi nyali, si poto! Mukufuna ndichoke pano, nenani!”

Agogo sanatembenuke. Anatsuka kansanza kaja, anakafinya, n'kunena mwakachetechete: “Zuze, wandimva ndikunena kuti ndamaliza?”

“Mumaliza chiyani, zinthu mwaononga kale?”

“Khala pansi. Ukafuna kulira ulire madzulo, panopa ukunditchinga dzuwa.”

Akatekisiti anatsokomola kuti abise kuseka. Malume anakhaladi pansi, pa tayala lakumbuyo, atatembenuzira msana kwa ife tonse. Ine agogo anangondiyang'ana kamodzi, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Anasiya mchenga n'kutenga dongo lija. Ankapukuta mozungulira, pang'onopang'ono, monga ankachitira pa khosi la mtsuko, akuthira madzi, akupapasa ndi chala, akubwereza. Dzuwa linafika pamutu, amuna awiri anatopa n'kubwerera ku malata, nkhuku zinabwera kudzamwa madzi odontha, koma dzanja lawo silinasinthe liwiro. Pa phulusa ndi pamene anakhalitsa kwambiri. Akatekisiti atafunsa chinsinsi chake, anayankha kuti palibe, mchenga umachotsa khungu lakufa koma umasiya zipsera, dongo limafufuta zipsera za mchenga, phulusa n'kufufuta za dongo. Pomaliza anang'amba chidutswa cha bulangete lawo lakale, anafinyirapo mankhwala otsukira mano a malume omwewo, n'kupukuta mpaka thukuta linadontha pachibwano.

Ndinali woyamba kuona, ndipo mwachizolowezi ndinali woyamba kunena. “Babu likuoneka!”

Malume anadzuka. Nyali sinali ngati yatsopano ayi, m'mbali munatsala timizere, koma pakati ponse panali poyera ngati madzi a pamjigo, ndipo kawaya ka mkati mwa babu kankaoneka bwinobwino. Anailiza mota n'kuilozetsa m'khitchini mwa agogo, momwe munali mdima ngakhale masana, ndipo kuwala kunagunda khoma mpaka tinaona mitsuko yonse ili ndandanda. Anazimitsa injini, anavula chipewa, n'kugwada pafumbi pomwepo.

“Pepani, amayi.”

“Upake phula la njuchi mwezi uliwonse, dzuwa lingaidyenso,” anatero agogo. “Ndipo undigulire bulangete.”

Loweruka apolisi anayang'ana nyali, anawauza kuti ayatse, n'kuwakodola kuti adutse. Malume sanapitenso ku Moatize. Anakwatira m'mudzi woyandikana nafe, ndipo agogo atayamba kudwaladwala ndi malumewo amene ankawanyamula kupita kuchipatala, atawayalira mphasa m'ngolo muja.

Ulendo wina wotero ndinakwera nawo, ndili mtsikana wamkulu. Mota ikudumpha m'mabampu, ndinawafunsa agogo kuti anaphunzira kuti zokonza nyali, popeza tsiku lija ankaoneka ngati azichitapo kakhumi. Anaseka mpaka kutsokomola, anasuzumira kutsogolo kuona ngati malume akumva, kenako anandikokera pafupi.

“Ndinali ndisanagwirepo chinthu chimenecho chibadwire. Chitayera ngati mkaka, mtima unandithawa. Koma ndinadziwa kuti ndikasiya pamenepo, mwana wanga akupita.”

Lero ndimasoka zovala ku Cassacatiza, ndipo nsalu ya mkwatibwi ikakhala zidutswazidutswa patebulo, mwiniwake amabwera n'kugwira pakamwa. Ndimamupatsa mpando n'kupitiriza kudula. Manja anga sanjenjemera, ngakhale pamene mtima ukugunda, ndipo chinsinsi cha agogo ndinachisunga mpaka malume atawaika m'manda mayi awo ndi manja awoawo. Ndi nkhani yokhayo imene inagonapo pakamwa panga.