Kalachi Yomata M'chigwembe

Lero chapa, minibasi yomwe ndinakwera, itakanika kukwera chitunda cha ku Furancungo, fungo la kalachi yopserera linandibwezera kwathu ku Ntengo-Wambalame.

Nkhondo itakula, bambo anabisa kathirakitala kathu kolimira mbatatesi m'chigwembe, n'kukafunditsa mapesi. Kanakhala momwemo dzinja lonse. Tsiku lothawira ku Malawi, mayi anali ndi pakati potopa, osatha kuyenda. Bambo atakavundukula, injini inalira, koma giya inangokukuta mano.

"Chinyezi chamatitsa kalachi," anatero bambo. "Ndinabisira asilikali, dzimbiri n'kukapeza."

Anamasula waya, anagogoda ndi nyundo mpaka dzuwa kupendeka. Mayi anangokhala pa thumba la nyemba, milomo ikupemphera.

"Ambuye, magaleta omata anali a Farao," anadandaula bambo. "Ife si Aigupto."

Kenako anazimitsa injini, analowetsa giya, n'kundikweza pampando, ine kamtsikana.

"Ndiwe wopepuka. Ponda chopondera cha kalachi ichi ndi miyendo yonse, usasiye. Ine ndikankhira kumtsetse."

Tinayesa kasanu, osatheka. Kachisanu n'chimodzi pansi panga panalira kuti thwa! Kalachi inamatuka, kafungo kopserera n'kukwera.

Bambo analibenso mphamvu zosekera. Anangogwada m'matope, akupuma wefuwefu.

"Amake mwana, dzukani mukwere m'kangolo kakumbuyoko. Yehova watsegula nyanja."