Belu la Mvula Linalira Dzuwa Likuswa Mtengo

Ena akamva nkhaniyi amati ndikukokomeza, koma ine kunama sindikutha, ndikangoyesa makutu amanditentha. Zonsezi zinandichitikira ndithu, ndipo zili m'kabuku komwe ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, masamba ake alipo mpaka lero.

Kwathu ndi ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri, ndipo nonse mukudziwa zomwe matope anatichita chaka cha namondwe uja, sindibwerezanso. Ingodziwani kuti kuno mitambo ikangoda, amayi amasiya kuchapa n'kuyamba kuitana ana awo mmodzimmodzi.

Chaka chotsatira, ndili Fomu 2, pasukulu pathu panabwera madamu a kompyuta, aafupi, ochokera kuchigwa cha Shire, olankhula Chichewa chosakaniza ndi Chisena. Iwowa pamodzi ndi ife a kalabu ya sayansi anapanga choyezera mvula. Padenga panali kachidebe komwe kakadzaza kamapendekeka, waya n'kutsika mpaka m'labu, ndipo kakompyuta kankawerenga kuti kapendekeka kangati. Mvula ikapitirira muyezo, kakompyutako kankayenera kuliza belu lamagetsi lomveka mpaka kumsika, kuti anthu achoke m'mbali mwa phiri nthawi ikadalipo.

Ine anandisankha kukhala pulifekiti wa labu, osati chifukwa cha nzeru, koma poti ndimabwezera chilichonse pamalo pake. Lachisanu lililonse ndinkatsegula windo lakuda la pakompyuta, lopanda zithunzi, lomwe umangolembamo mawu, n'kulamula pulogalamu ina kuti ikatenge pa intaneti timapulogalamu tatsopano tomwe choyezera chathu chimadalira. Pulogalamu imeneyi madamu ankaitchula kuti kapitawo, ati chifukwa ndi imene imasankha wolowa ntchito ndi wotuluka.

Lachiwiri lina mu Okutobala magetsi anazima m'mawa, ndipo atayakanso chamasana, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo, belu lija linalira. Kodi munaonapo ana mazanamazana akuthawa mvula yomwe kulibe? Ena anadumphira pawindo, wina anataya nsapato, ndipo mnzanga wina, yemwe mayi ake anapita ndi matope, analowa pansi pa desiki atatseka makutu, osalira, akungonjenjemera. Amayi anabwera chothamanga kuchokera kumsika, wina mpeni wa kabichi ukadali m'manja. Ine ndinathamangira kulabu, ndipo pagalasi la kompyuta manambala a mvula ankangokwera, kukwera, ngati kunja kukugwa chimvula cha tsiku lija.

Pomwe timaweruka n'kuti nkhani itafala kale kuti aliza belu ndi anthu aja sanapezeke m'matope, akudandaula kuti tawaiwala. Ndisabise, nanenso ndinakhulupirira. Ahedi anakalipa kuti chidole chimenechi chipha anthu ndi mtima, chichotsedwe pofika Lachisanu. Koma mvula yoyamba inali pafupi, nanga phirilo akanatiyang'anira ndani?

Madamu sanatsutsane nawo, anangopempha masiku awiri. Mawa lake titaweruka anamanga chitenje, n'kukwera makwerero mpaka padenga, atsikana a kalabu tikukuwa kuti atsike, akagwa tikawauza chiyani abambo akunyumba. Anayankhira pamwamba pomwepo kuti munthu amene anakula akuthawira madzi osefukira mumtengo sangaope makwerero a sukulu. Kachidebe anakapeza kali gwa, kouma, muli fumbi lokhalokha, ndipo waya anali bwinobwino. Atatsika anatiuza kuti kudenga kulibe mlandu, tikafunse kapitawo.

Apa ndi pomwe ndinayamba kuwasirira. Sanafufute chilichonse mwaphuma, anangolamula kapitawo kuti aonetse timapulogalamu tonse ndi manambala ake, n'kumatsika ndi chala mzere ndi mzere ngati akusankha mpunga. Chala chinaima pa kapulogalamu kowerenga za pawaya, komwe nambala yake inathera ndi timalemba tiwiri, rc. Mnzathu wina wamakani anati ndiye kuti ndi ka Chiroma, ndipo madamu, omwe ndi Akatolika, anaseka kuti ngakhale Aroma sagwetsa mvula mu Okutobala. Kenako anatifotokozera kuti timalembato timatanthauza kandideti, ngati wa Fomu 4 amene akulemba moko: yunifolomu ali nayo, koma sanakhoze. Opanga amakatulutsa msanga kuti akatswiri akayese n'kupeza zolakwika, ndipo aka kanali ndi cholakwika chake, waya akakhala chete kankayesa kuti kachidebe kakupendekeka. Kanalowa Lachisanu lapitalo n'kungokhala phee, mpaka kuzima kwa magetsi kuja kutayambitsanso kompyuta. Chodabwitsa, anatero madamu, n'chakuti kapitawo satenga kandideti pokhapokha wina atamulamula.

Anakachotsa, n'kulemba lamulo lathu la Lachisanu lija, lopanda chachilendo chilichonse, koma kandideti anabwerera. Anakachotsanso, kanabwereranso. Anzanga anayamba kutola zikwama mmodzimmodzi, ati chinthu chobwerera chokha si chocheza nacho, mpaka tinatsala awiri. Ine miyendo inkafuna kuwatsatira, koma madamu anangotulutsa laputopu yawo, n'kulemba lamulo lomwelo, ndipo kumeneko kunabwera kapulogalamu kabwinobwino. Anandiyang'ana akumwetulira n'kunena kuti mizimu sisankha kompyuta, choncho pali kamawu kobisika m'kakompyuta kathu komwe kamanong'oneza kapitawo. Anati akufunika zinthu ziwiri: manambala onse a timapulogalamu tija a mwezi watha, zinthu zisanasokonekere, komanso kudziwa ngati alipo anasinthapo kanthu.

Pomwepo ndinakumbukira za mu Juni. Sabata yomwe anandisankha ija, ndinatsegula mndandanda wa mawu omwe kapitawo amamva, ndipo ndinaonapo kamawu kakuti pre. Chingerezi cha pambali pake sindinachimve bwino, ndipo kufunsa ndinachita manyazi. Ndinangoganiza kuti pre ndi chidule cha pulifekiti, monga timalembera pamndandanda wosesa, tsono kuti kapitawo azindidziwa, ndinakalemba m'fayilo yomwe amasungamo malamulo okhazikika. Miyezi inayi sipanachitike kanthu, ndinaiwala.

Manambala ndinali nawo, poti Lachisanu lililonse ndinkawakopera m'kabuku kanga. Koma m'kabuku momwemo muli zinthu zomwe sindinauzepo ngakhale amayi, za maloto a matope ndi zina. Ndipo ndikapereka, sukulu yonse ikanadziwa kuti amene anaika mnzanga pansi pa desiki ndine. Ndinakumbatira chikwama changa. Kenako ndinaganiza za denga lopanda kachidebe mu Januwale, ndipo ndinatulutsa kabuku, n'kutsegula tsamba la mu Juni, pomwe ndinalemba mokondwa kuti lero ndauza kompyuta kuti ndine pulifekiti.

Madamu anaphimba tsamba linalo ndi dzanja kuti asaone zosawakhudza, anawerenga mzere umodzi wokhawo, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, ine ndikulira zenizeni. Atapuma anandiitana kuti mwanawe, n'kundiuza kuti pre amatanthauza chomwe sichinatuluke, ndiye ine ndinatsegulira geti makandideti onse. Anandikhazika pampando kuti ndifufute ndekha kamawuko. Kenako ndinkawerenga manambala a m'kabuku, iwo akulemba, ndipo anawakhoma kuti kapitawo asadzatengenso china popanda chilolezo. Titalamulanso, kandideti sanabwerere.

Lachinayi anaitana ahedi, makolo angapo ndi mnzanga uja, ndipo anakweranso padenga ndi botolo la madzi. Akathira pang'ono manambala ankakwera pang'ono, akasiya ankaima. Anauza anthu kuti vuto linali kamawu kamodzi kolembedwa molakwika, ndipo wolakwa ndi iwo poti anasiya geti losakhoma. Dzina langa sanalitchule. Ahedi anayang'ana kumwamba, kenako anati chikhale. Mnzanga uja ndinamuuza ndekha zoona zake tikupita kunyumba. Titafika pamjigo ananditchula kuti Pre, ndipo dzinali landikanirira mpaka lero.

Belu linadzaliranso mu Febuluwale, mvula ikugwadi, ndipo anthu anatsika mwadongosolo kudzakhala m'makalasi mpaka itakata. Phiri silinagumuke, komabe palibe anadandaula kuti wavutikira pachabe.

Panopa ndine kandideti nanenso, ndipo ndimakhulupirira kuti anthu athu aja akugona mwamtendere, sanalize belu ndi iwo, ndinaliza ndine ndi manyazi anga. Tsono inu anzanga amene mwapatsidwa makiyi a labu, mukaona kamawu komwe simukukamvetsa, musakapatse tanthauzo la kwanu. Imikani dzanja mufunse, ngakhale akusekeni. Kusekedwa kumatha poweruka, koma mnzanga ali pansi pa desiki paja ndimamuonabe.